Maso a Nkhono ya ku Phiri

Makolo athu, amene analibe wotchi pamkono kapena lamya m'thumba, anatisiyira mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo sananame, pakuti maso a nkhono amakhala kunsonga kwa tinyanga take tatitali tiwiri, timene imatibweza msanga munthu akangoikhudza, kotero kuti wopupuluma amangotsala ndi chigoba m'manja. Komatu akuluakuluwo popeka mwambiwu ankanena za chinkhono cha m'munda chija chimatuluka mvula ikagwa, chimene ngakhale agogo a maso a nkhungu amachionera patali.

M'nkhalango za pamwamba pa Mulanje, Zomba ndi Nyika, pansi pa masamba ofumbwa amene chinyezi sichiwachokera, mumakhala tinkhono ta mtundu wa Gulella, tambiri mwa ito tosaposa njere ya mpunga, timene katswiri wa ku Leiden, A. C. van Bruggen, anatha zaka zambiri akutifufuza ndi kutitcha maina. Wofuna kutipeza amasefa zinyalala za pansi pa mitengo, nasanthula zotsalazo ndi galasi lokuza zinthu. Ndipo ngati chigoba chokha chifuna khama lotere, nanga maso ake adzafuna kudekha kwa yani, ngati si kwa Yobu?

Taonani tsono mbadwo uno. Mnyamata anyamuka pa Likhubula, womunyamulira katundu ali patsogolo, nakwera phiri la Mulanje mosacheuka kufikira pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Ndipo atafika, mpweya usanabwerere n'komwe m'chifuwa, atukula lamya kumwamba ngati wansembe wopereka nsembe, kufunafuna netiweki, kuti alamu ake a ku Johannesburg adziwe pa WhatsApp kuti phiri laligonjera. Mukamufunsa chimene anaona panjira, akuonetsani nkhope yake yomwe, yojambulidwa kakhumi. Za othamanga mpikisano wa chaka ndi chaka wa paphiripo sindinena kanthu, popeza iwo amalandirako mphotho.

Koma tisafulumire kukaika kankhono ka Gulella kaja m'gulu la oyera mtima. Ulemu wake tikapatse ndithu: lendi sikalipira, pakuti nyumba kamayenda nayo, ndiponso kalikonse ndi kakamuna ndi kakakazi nthawi imodzi, kotero kuti banja likavuta, ankhoswe sangadziwe mbali yokhala. Chikhalirecho kanthu kofatsaka ndi kamlenje, kodya nkhono zinzake ndi tizilombo tina tofewa, ndipo kudekha kwake konse n'kwa munthu wobisalira mnzake panjira. Ofatsa otere tili nawo ngakhale m'makomiti a kumpingo.

Inu amene mukonzekera kukwera ku Lichenya kapena ku Chambe, gulani galasi lija, lamya muisungitse kwa wonyamula katundu, ndipo mukafika pa nkhalango yonyowa mugwade ndi kuvundukula masamba pang'onopang'ono. Koma musanagwade, yambani mwaona ngati palibe linthumbu.