Tsiku limene ndinasanduka mzungu ku Hampi

Kwathu kuno mlonda wa pachipata cha paki akaona mzungu amatulutsa buku lina la malisiti, ndipo ine ndakhala ndikuombera m'manja chilungamo chimenechi. Ali nazo, alipire. Koma abale, kuli maiko kumene mzungu wake ndi ine.

Ku India ndinapita ngati gadiyani wa amalume, amene ankalandira chithandizo pachipatala china mumzinda wa Bengaluru. Atayamba kupezako bwino anatopa ndi nkhope yanga. "Mphwanga, pita ukawongole miyendo, wandiyang'anira mokwanira," anatero, akundipatira timapepala tingapo. Ndinakwera sitima ya usiku ya Hampi Express, m'bogi la anthu osafuna zambiri, n'kukatsika ku Hosapete. Basi inamaliza makilomita 13 otsalawo.

Ndinasankha Hampi chifukwa ndinamva kuti ndi mabwinja, ndipo m'mutu mwanga bwinja silingalipiritse munthu. Komatu si bwinja wamba. Apa panali likulu la ufumu wa Vijayanagara. Domingo Paes, wamalonda wa ku Portugal amene anafikapo cha m'ma 1520 m'nthawi ya mfumu Krishnadevaraya, anayerekeza kukula kwa mzindawu ndi Rome. Mu 1565 asilikali a mafumu a ku Deccan anagonjetsa ufumuwu pankhondo ya Talikota, nafunkha mzinda kwa miyezi. Zimene anasiya, zoposa 1,600, UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 1986. Ankhondowo anatenga golide, ine ndinapeza miyala.

Ndinayambira pakachisi wa Virupaksha, wa mulungu Shiva, kumene anthu amapembedzabe mpaka lero pansi pa nsanja yotalika mamita pafupifupi 50. Nsapato zimatsala pakhomo, ndipo pali wozisunga amene amalandira kangachepe. Anayang'ana zanga, anayang'ana ine, ndipo tonse tinagwirizana chamumtima kuti palibe wakuba angadzinyozetse chotero. Ndinalipirabe. Bwana ngati ine ndinali nditagona pang'ono pabenchi, moti ndinalowa masana, miyala ya pabwalo itapsa. Agogo okalamba ankayenda mwaulemu, maluwa ali m'manja, ine ndikudumphadumpha ngati mbuliwuli m'chiwaya.

M'katimo munali njovu dzina lake Lakshmi. Ukaipatsa ndalama inkalandira ndi chitamba, kupereka kwa woisamalira, kenako kukugunda pamutu. Ndinaona kuti nthochi n'zotsikirapo mtengo, ndinaipatsa imodzi. Inadya, n'kuyang'ana amene anali kumbuyo kwanga. Njovu imeneyo inaphunzira za kawerengedwe ka ndalama. Nthochi zotsala anyani anandilanda ndisanafike pachipata, ndipo iwonso sanandidalitse.

Kupita kukachisi wa Vittala oyendetsa tinjinga tamoto ta mawilo atatu ankandiitana mokoma. Ndinawakana monga mwamuna, n'kutsata njira ya m'mbali mwa mtsinje wa Tungabhadra wapansi. Ndinafika lilime lili panja.

Apa ndiye panali mlandu. Pazenera la matikiti panalembedwa mitengo iwiri: nzika marupi 40, mlendo 600. Ndinatembenuka kuti ndione mlendoyo, koma kalaliki ankaloza ine. Ndinamufotokozera mofatsa kuti alendo ali m'magulumagulu. Ndinamuonetsa kwacha yathu ndi kumuuza mmene imadwalira. Ndinakwezanso phazi kuti aone nsapato zija. Anamwetulira, n'kubwereza kuti 600. Zaka zonsezi ndakhala ndikupemphera kuti tsiku lina andiwerengere pamodzi ndi olemera, ndipo pempherolo linasankha kuyankhidwira pazenera limeneli.

Panali njira yozembera. Galeta lamwala limene anthu amabwerera kuno lajambulidwa kumbuyo kwa ndalama yapepala ya marupi 50, ndipo ndinali nayo imodzi m'thumba. Ndinaiyang'anitsitsa pamthunzi. Linkaoneka bwinobwino, mawilo onse alipo. Koma ana asukulu ankandidutsa akulowa, ndipo mzungu sangakhale panja.

Ndinene zoona, galetalo ndi lokongola moti ndinaiwala kudandaula kwa kanthawi. Ndi kachisi wamng'ono wa Garuda, mbalame imene imanyamula mulungu Vishnu, ndipo amisiri anasema mwala wolimba kuti uzioneka ngati ungagubuduke utakankhidwa. Chapafupi pali holo ya nsanamira 56 zimene zimalira ukazigogoda. Kugogodako analetsa, poti alendo ankaziwononga. Ndiye kuti ndinalipira 600 kudzaona nyimbo.

Nditamva kuti tikiti yomweyo imalowetsanso ku Lotus Mahal ndi kumakola a njovu za mfumu, bola tsiku lomwelo, ndinathamangira kumeneko pofuna kuifinya mpaka dontho lomaliza. Makolawo ndi zipinda 11 zamwala, zazitali, zozizira bwino. Ndinafunsa mlonda ngati amachititsa lendi. Sanaseke.

Madzulo ndinalowa m'kanyumba kodyera. Nyama musaiyembekezere, mudziwu ndi wopatulika. Anandibweretsera thali, mbale yaikulu ya mpunga ndi timbale ta ndiwo zamasamba ndi za mphodza, ndipo wondipatsayo anandiuza mawu okoma kuposa onse amene ndinamva ku India: kuwonjezera n'kwaulere. Pamenepo ndinaona mpata wobweza 600 yanga. Ndinawonjezera. Ndinawonjezeranso. Tsabola ankandigwetsa misozi koma dzanja silinaime. Mnyamatayo anakaitana wophika, wophika anakaitana mwini malo, onse atatu n'kuima chapatali manja ali m'chiuno.

Mwini malo anayandikira mwaulemu, n'kundifunsa dziko limene ndachokera. Ndinaganizira mbendera yathu, ndinaganizira amalume ndi Amalawi ena onse amene adzafune kudya pamenepo m'tsogolo.

Ndinamuuza kuti Zambia.