Matilesi a alamu anga sanavulebe pulasitiki

Alamu anga a pa Boma la Mchinji anandiphika usiku wonse sabata yathayi, m'mawa mwake n'kuima pakhomo kudikira kuti ndiwathokoze.

Ndinapitako ku chinkhoswe, ndipo magule atatha kunali kutada, galimoto za ku Lilongwe zitatheratu pa siteji. "Musavutike, alamu. Lero mugona tulo ta anthu andalama," anatero akulimbana ndi loko wa chipinda cha alendo. Chipindachi chimakhala chokiya chaka chonse chifukwa muli matilesi. Eni nyumba amagonera akale aja, achigwa pakati, amene anagula mwana woyamba asanabadwe. Atsopanowa ndi oonetsa.

Pabedi panali katundu wokwanira kutsegulira sitolo. Mapilo asanu ndi limodzi, ena a lesi yokanda tsaya. Chidole cha chimbalangondo chovala tayi. Bulangete la ku Joni, la 2-ply lija, lojambulidwa kambuku atayasamula. Pansi pake nsalu yonyezimira, yoterera. Ndipo pansi pa zonsezi, matilesi ali m'pulasitiki momwe anatulukira ku fakitale, kapepala ka mtengo kakadali pakona, koyang'ana kukhomo.

Mwezi ndi wa Okutobala. Denga ndi la malata, siling'i palibe, ndipo malata akamwa dzuwa tsiku lonse, usiku ndi pamene amabweza ngongole. Zenera analikhomera misomali poopa anyamata owedza mafoni ndi ndodo. Fani ilipo, nayonso yovala kansalu ka lesi, koma magetsi anali atapita kwawo. Moto pansi, moto pamwamba, ine pakati ngati chikondamoyo m'poto.

Ndikangotembenuka, pulasitiki ija inkalengeza nyumba yonse, phwakata phwakata, galu wa aneba n'kumavomera. Ndinayesa kugona osagwedezeka kuti ndisadzutse ana, koma thukuta linali kamukamu, ndipo poti pulasitiki siimwa madzi, lonse linkasonkhana pamsana kudikira linzake. Pakati pa usiku nsalu yoterera ija inatsetsereka n'kukagona pansi, pozizira, ine n'kutsala khungu ndi pulasitiki. Kambuku ndinamukankhira kumiyendo, iye n'kumabwerera. Pofuna kudzuka ndinachita kudzimatula. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Sanati mlendo asanduke dambo lodzalamo mpunga.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Koma mwawamva matilesiwo? Latex yeniyeni imeneyo, ya ku Chipata. Yozizira! Ndinabwera nayo ndekha pa njinga, dzanja ili ku handulo, linali kugwira katundu."

Ndinati ndadzuka bwino, chifukwa munthu sunyoza nyumba imene mlongo wako akudyamo. Koma pano ndili kwathu.

Alamu, chinthu chimene munthu angachigwire ndi dzanja limodzi pa njinga, makilomita pafupifupi 12 kuchokera pa chipata cha Mwami mpaka pa Boma, si latex. Latex ndi utomoni woyera wa mtengo wa mphira. Mtengowo kwawo ndi ku nkhalango za Amazon, lero umalimidwa kwambiri ku Thailand ndi ku Indonesia, ndipo konkuno ulipo ku Vizara, ku Nkhata Bay, kuja anyamata amagulitsa mipira yonjanja m'mbali mwa msewu. Amacheka khungwa m'mamawa, utomoni n'kumadonthera m'kakapu. Mu 1929 akatswiri a kampani ya Dunlop ku England anapeza njira youpuntha mpaka uchite thovu, kuuthira m'chikombole, n'kuuphika kuti ulimbe. Chotulukamo n'cholemera. Matilesi a anthu awiri kawirikawiri amapitirira makilogalamu 30, komanso ndi olobodoka: ukagwira uku, kwinaku akukupulumuka. Wakabaza wanzeru amangoti ali ndi kasitomala wina. Mukatsegula zipi mupeza timabowo tondondozana thupi lonse, ndipo m'menemo ndi modutsa mpweya. Mukadinikiza amabwerera nthawi yomweyo, thupi silimira n'kukwiririka. Kuzizira kwake n'komweko basi. Mulibe firiji m'katimo.

Yanuyo ndi siponji, yochokera ku mafuta omwe aja amatipatsa petulo. Si tchimo, ambirife tikugonera yomweyo. Ngakhale ena olembedwa latex ndi zilembo zagolide amakhala ndi kachipande kopyapyala pamwamba pokha, kapena latex yochita kupanga kuchokera ku mafuta omwewo. Palinso memory foam, imene inayambira ku ntchito za NASA m'zaka za m'ma 1960. Imeneyo imafewa ndi kutentha kwa thupi n'kukukumbatira, ndipo m'chilimwe pansi pa malata, chokukumbatira usiku wonse sichifunika, ngakhale chitakhala chaukwati. Koma tiyerekeze kuti anu ndi latex ya mtengo wa ng'ombe ziwiri. Mwaiveka pulasitiki. Mabowo onse amene munalipira mwawatseka nokha.

Chimene ndaona m'matauni athuwa n'chakuti matilesi sitigulira msana. Timagulira msewu. Dikirani fodya agulidwe ku Kanengo, kapena mtedza ndi soya zituluke pa Kamwendo, muone. Matilesi sapita kunyumba usiku. Amanyamulidwa dzuwa lili paliwombo, tsiku la msika, atapindidwa pa kaliyala, mwini wake akuyenda pambuyo manja ali kumbuyo. Njira yachidule ilipo, koma ulendowo udzera pachigayo, udzere pamjigo pamene pali amayi ambiri, uime pa golosale kugula machesi amene ali kale m'nyumba. "Koma ndiye mwagwira chaka chino, achimwene!" Iwo modzichepetsa: "Aaa, n'tating'ono, n'ta ana." Akafika pakhomo sawalowetsa msanga. Amawatsamiritsa pakhonde mpaka madzulo, ati apume.

M'sitolo namonso muli mwambo wake. Palibe amene amagonapo kuti ayese, chifukwa bambo wa ulemu wake sangagone chagada pamaso pa anthu, nsapato zili m'mwamba. Amadina ndi chala chachikulu. Wofuna kuonetsa ukatswiri amaikapo bondo, n'kuyang'ana kudenga, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. Chinthu choti msana udzagonere zaka 10 chikuyezedwa ndi chala. Pomwepo pamatulukira alangizi odzipereka, anthu amene sakugula kanthu, anangothawira dzuwa pakhonde la sitolo. Wina anunkhiza. Wina amenya khofi n'kutchera khutu kumvera mawu ake. Wina anena kuti msuweni wake anagula otere, ukwati n'kutha. Onse pomaliza afunsa chinthu chimodzi, mainchesi. A mainchesi 4 ndi a mwana wa sukulu yogonera konko, 6 ndi a mphunzitsi, 8 ndi a wabizinesi, ndipo mukapitirira apo mudzi uyamba kufunsa kumene mukutenga ndalama. Zoti siponji yonenepa koma yopepuka imaphwa msanga kuposa yowonda yolemera, palibe amene afuna kumva. Kulemera sikuoneka pamsewu.

Wogulitsa naye amadziwa nyimbo imene timavina. "Awa ndi high density, bwana, saphwa. Orthopaedic. Madokotala amagonera omwewa." Mukafunsa za latex sagwedezeka ndi pang'ono pomwe: "Onsewa ndi latex, bwana, mungosankha maluwa." Mukakayikabe amatsitsa mawu, n'kuponya otsekera mkangano: "Ndi a ku Zambia."

Apo ndiye wa m'malire wagonja. Kwa ife chilichonse chikawoloka pa Mwami chimabatizidwa. Sopo wa kutsidya amachapa yekha, zakumwa za kutsidya zimatsekemera mpaka mawa. Chitsegulireni chipata chatsopano chija, a Chakwera ndi a Hichilema atadula kansalu mu Disembala 2022, alamu anga amapita ku Chipata kukagula ngakhale singano. Kwacha yathu itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinayamba kuwawa pamaso pa osintha ndalama aja, koma kuwawako n'kumene kumakometsa nkhani: chinthu chikakulizani ndiye kuti n'chenicheni. Ku Chipata wogulitsa amalumbira kuti katundu ndi wa ku Lusaka. Ku Lusaka amati ndi wa ku Joni. Ine sindingadabwe kumva kuti siponji ina inadulidwa ku Lilongwe konkuno, inawoloka usiku njira zam'tchire, n'kubwerera masana ili ndi ulemu wachilendo ndi mtengo wowirikiza.

Koma tibwerere ku pulasitiki, chifukwa ndi imene inandidya msana. Ndinawafunsa mwaulemu chifukwa chake sachotsa. "Fumbi, alamu." Chipinda chokiya, zenera lokhomera, fumbi lidzera kuti? "Ana." Ana saloledwa ngakhale kusuzumiramo, ndipo pa vuto la ana pali nsalu zake zotchinga madzi, za thonje pamwamba, zosalira usiku. "Nsikidzi." Nsikidzi zimakhala m'ming'alu ya bedi ndi ya khoma, ndipo sizinayambe zabwerera chifukwa choona pulasitiki. Pomaliza ananena zoona: "Tikadzafuna kugulitsa, azidzaoneka atsopano." Munthu akugula pogona akuganiza kale tsiku lodzagulitsa. M'nyumba imeneyo mipando ili m'pulasitiki, limoti ili m'pulasitiki, kanema ali ndi kapepala kake ka ku fakitale, mbale za alendo zili m'katoni pamwamba pa kabati. Akanapatsidwa mpata, achemwali anga bwenzi akadali mu velo mpaka lero.

Bulangete la kambuku sindilida. Mu Juni ndi Julayi, chisanu cha ku Mchinji chikatsika m'mapiri, ndi m'bale weniweni. Koma mu Okutobala likufunanji pabedi? Lilipo chifukwa ndi la ku Joni. Thupi kuti ligwire tulo limayenera kuzizirako, ndipo limazizira thukuta likamauma. Thonje limamwa thukuta n'kulisiya liume. Poliyesitala, imene amapangira mabulangete amenewa ndi nsalu zonyezimira zija, ndi pulasitiki yomweyo, yangosintha zovala. Nsalu zoyala za thonje zimapezeka pa kaunjika, zofewa kale, zotsika mtengo, ndipo ngakhale chitenje chathonje chochapidwa kambirimbiri chimagwira ntchito. Vuto lake sizinyezimira. Mukapita nazo ku bridal shower, wolengeza mphatso adzatsokomola kaye asanatchule dzina lanu.

Zonsezi bwenzi ndikungoseka, koma pobwerera achemwali anandiperekeza ku siteji akuyenda mopendekeka. Msana. Chigwa cha matilesi akale chija. Ana amagona pamkeka pabalaza, moyang'anizana ndi chitseko chokiyacho. Ndalama zogulira chinthu chosagonedwacho zinali za katapila, ndipo fizi ya wamkulu inachedwa teremu yonse. Apa ndiye mano anga sakuonekanso. Mchinji ili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku kamphepo kamabwera kaulere, kongofuna zenera lotsegula, waya wotchinga ndi neti ya udzudzu. Anthu a ku Nsanje ndi ku Ngabu angakalipirire kamphepo kameneko. Ife tikumanga Nsanje m'chipinda, ndi ndalama zachiwongoladzanja, n'kuikamo mlendo.

Komabe mtima wanga sukuwaweruza mpaka mapeto. Munthuyu anakulira pamphasa, kenako pa thumba lodzaza udzu, ndipo bedi la Vono ankangoliona kwa ahedi. Chinthu choyamba chatsopano chimene wagula ndi thukuta lako, kuching'amba pepala kumamveka kuwawa m'chifuwa. Mayi awo ku Mkanda ndiwo anathetsa nkhani mwanzeru. Atawagulira matilesi anathokoza, anagonapo, kenako anabwerera pamphasa pawo. Pamatilesipo anasanjikapo matumba a mbewu ya mtedza kuti isagwire chinyezi cha pansi. Gogoyo amagona tofa nato, ndipo mtedza wake umamera wonse.

Latex yeniyeni sindikuona ikuyenda malonda kwathu kuno, ndipo chifukwa chake si mtengo wokha. Pa njinga siikhala bwino. Choipitsitsa, siigwirizana ndi dzuwa: likaiwomba kawirikawiri imauma n'kuyamba kunyenyeka, choncho mwambo wa Loweruka uja, woyanika matilesi pampanda mbali yoyang'ana kwa aneba, ndiye kuti watha. Imafuna mthunzi, bedi la mathabwa otalikirana kuti mpweya uzilowera pansi, ndi nsalu ya thonje yosachititsa kaso. Ndani angatulutse ndalama zonsezo pa chinthu chimene adzachidziwe ndi msana wokha, msana woti supita kumsika kukafotokoza?

Ndiye inu amene mukufuna tulo ndi ulemu nthawi imodzi, gulani zimene thumba lanu lingathe, zinyamuleni kaye mumve kulemera, ndipo mugonepo m'sitolo momwemo, alangizi aseke. Lisiti lokha musataye. Kaliikitseni mu fulemu, mulipachike pabalaza pafupi ndi chithunzi cha ukwati, pamene mlendo aliyense angawerenge mtengo ali chikhalire. Mukatero, tengani lezala mukang'ambe pulasitikiyo.