Asayansi Andilanda Ana

Ife akamwini a kuno ku Makokola tinavomereza kale kuti munda ndi wa akazi athu, nyumba ili pamalo a apongozi, ndipo ana mwini wake ndi malume. Chotitsalira chinali chimodzi: mwana akamapalasa bwato osatopa, tinkadziguguda pachifuwa kuti watengera bambo. Nachonso asayansi atilanda.

Nkhaniyi ndinaimva kwa ofufuza achinyamata amene anadzachita maphunziro pa hotela ina m'mbali mwa nyanja muno. Ine ndinapitako ndi chambo, osati kope. Mtsikana wina, podikira chenji, anandiphunzitsa za mitochondria. Akuti ndi timbaula tosaoneka ndi maso tokhala m'maselo a thupi, timene timatentha chakudya ndi mpweya n'kutulutsa mphamvu yotchedwa ATP. Tili ndi DNA yaketake ya majini 37. Chinangwa chowawa chosaviika bwino chimapha chifukwa poizoni wake, cyanide, amazimitsa timbaulati. Apo ndinagwedeza mutu mwaulemerero, poti kondowole ndimamudziwa.

Kenako anandilasa: "Bambo, timeneti mwana amatengera kwa mayi basi. Tanu timaphwanyidwa tikangolowa m'dzira."

Ndinafunsa ngati lamuloli analemba ndi apongozi anga. Iye anati ngakhale chambo changa n'chimodzimodzi. Ofufuza amadula kachidutswa ka chipsepse n'kulondola chibale cha chambo ndi mbuna kudzera kuchikazi. Anatinso mu 1987, Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson analondola DNA yomweyi mpaka anafika kwa mayi mmodzi wa muno mu Africa, amene anakhalako zaka pafupifupi 200,000 zapitazo, gogo wa tonsefe. Mwamuna wake palibe anafunsa. Ndikhulupirira naye anali mkamwini.

Pakamwa panga sipasunga, ndiye madzulo ndinaulula kunyumba. Mayi a ana anaimba nthungululu. Ndinayesa kuwauza zomwe mtsikanayo anamalizira, zoti zipangizo zambiri za timbaulati malangizo ake amachokera kwa makolo onse awiri. Iwo anati gawo limenelo ndapeka ndekha panjira. Nditafunsa za ulesi wa mnyamata wathu wachiwiri, anati umenewo ndi wanga ndipo safuna umboni wa labu.

Inu ana a ku KUHeS ndi ku Mpwepwe, phunzirani ndithu, boma likugulireni makina. Koma mukapezanso china chokhudza akamwini, muziyamba mwatinong'oneza ifeyo apongozi asanamve pa wailesi.