A Keke a ku Downing Street, Landirani Ulemu Wanu

Khomo la nyumba nambala 10 mumsewu wa Downing ku London lilibe pobayira kiyi kunja. Amatsegula ndi wa m'kati basi, ndipo usanalifike n'komwe uyenera kudutsa pageti lachitsulo pomwe pamaima apolisi amfuti. Komabe pa 19 June 2020, dzuwa likuswa mtengo, mdani anadutsa zonsezo, nakalowa m'chipinda chomwe nduna za boma zimachitiramo misonkhano, n'kuvumbulukira mwini nyumba, nduna yaikulu ya dziko la Britain, a Boris Johnson, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 56. Mdaniyo anali keke.

Musandiyang'ane ine. Anatiuza ndi a Conor Burns, phungu wa chipani cha a Johnson chomwecho, pa kanema wa Channel 4 mu January 2022. Iwo anati lija silinali phwando lochita kukonzekera ayi, abwana anangochitidwa chiwembu ndi keke. Tsono chinthu chokhoza kuchita chiwembu mtsogoleri wa dziko losunga mabomba a nyukiliya sitingamachitchule dzina ngati mwana wa dzulo. Kuyambira pano ndi a Keke, ndipo ine ndaimirira kuti ndiwatamande.

A Keke ndi ochokera kosauka. Makolo awo ndi ufa wa tirigu, mazira, shuga ndi majarini, sukulu yawo ndi uvuni. Sanapite ku Eton kapena ku Oxford monga anachitira amene anawavumbulukirayo. Chilatini sachidziwa, pachisankho sanaimepo. Koma zimene analephera a chipani chotsutsa boma ndi kukuwa kwawo konse kwa Lachitatu lililonse m'Nyumba ya Malamulo, a Keke anazikwanitsa osatulutsa liwu ngakhale limodzi.

Kuti muone kukula kwa ntchito yawo, kumbukirani nyengo yake. Pa 23 March 2020 a Johnson anaonekera pa kanema n'kulamula mtundu wonse kuti ukhale m'nyumba chifukwa cha mliri wa Covid-19. M'bindikiro unayamba, ndipo anthu anamvera. Zidzukulu zinkaonera agogo awo pazenera la nyumba zosamalira okalamba, zomwe zija amagwiramo ntchito abale athu ena ochokera kuno. Odwala ankatsanzikana ndi akwawo pa foni yogwiridwa ndi namwino. Mnyamata wina wa zaka 13 anamwalira m'chipatala ku London popanda mbale pambali pake, ndipo bokosi lake linatsitsidwa m'manda ndi anthu ovala zodzitetezera thupi lonse, mayi ake atabindikira kunyumba. Ife amene timati maliro n'kulirana sitifunika kutimasulira zimenezi. Pofika June lamulo linali likuletsabe anthu a m'makomo osiyana kusonkhana m'nyumba, pokhapokha ntchito itafunadi kutero. Lamulo limeneli, lolengezedwa kuchokera m'nyumba yomweyo, ndi limene a Keke anabwera kudzaliyesa.

Chimene ndimawakondera kwambiri n'chakuti mwa akuluakulu onse otchulidwa pa mlanduwu, a Keke ndi amene sanasinthepo mawu. Nyuzipepala ya Daily Mirror itaulula kumapeto kwa November 2021 kuti ku Downing Street kunkachitika maphwando, a Johnson anaima m'Nyumba ya Malamulo pa 1 December n'kunena kuti malangizo onse anatsatidwa kotheratu. Sabata yotsatira anati awatsimikizira mobwerezabwereza kuti phwando kunalibe. Pa 12 January 2022 anavomera kuti pa 20 May 2020 anakhalako mphindi 25 pabwalo la kuseri kwa nyumba pomwe anthu ankamwa, koma iwo ankayesa ndi zantchito. Zantchito zake, imelo yoitanira anthu oposa 100, yolembedwa ndi mlembi wawo wamkulu a Martin Reynolds, inkati aliyense abwere ndi mowa wake. Madzulo omwewo nduna ina, a Oliver Dowden, inali pa kanema kukumbutsa mtundu kuti munthu angakumane ndi mnzake mmodzi yekha wa khomo lina, panja, motalikirana mamita awiri. Patapita masiku ochepa chivomerereni, a Johnson anawonjezera kuti palibe amene anawauza kuti zimenezo n'zoswa malamulo. Mwini lamulo ankadikira munthu woti adzamuuze lamulo lake. Nthawi yonseyi a Keke anali duu. Sanaitanitse atolankhani, sanalembe loya, sanapepese kupepesa kwa mbali imodzi.

Anadzichepetsa mpaka kulola kukanidwa ali chete. Litangopita tsiku lakubadwa lija, nkhani isanakhale mlandu, nyuzipepala ya The Times inalemba mosangalala kuti anthu anadya keke yokongoletsedwa ndi mbendera ya dzikolo. Zinthu zitatentha, a Johnson analembera komiti ya aphungu kuti keke sinadyedwe ndipo palibe amene anaimba nyimbo. M'buku lawo la 2024 anapitirira apo, anati kekeyo sanaione n'komwe. Ndiye tili ndi keke yodyedwa, yosadyedwa, yosaoneka ndi maso, koma yokhoza kuchita munthu chiwembu masanasana. Kwathu munthu wa luso lotere sitidutsa pakhomo pake kukada.

Kunena zoona, a Keke si oyamba kusenzetsedwa katundu wa akuluakulu m'nyumba imene ija. Anatsogola ndi maso a Dominic Cummings, mlangizi wamkulu wa a Johnson. Kumapeto kwa March 2020, anzawo onse atatsekeredwa m'nyumba, iwo anakweza banja m'galimoto n'kuyenda makilomita oposa 400 kuchoka ku London kupita ku Durham. Pa 12 April anayendetsanso mpaka ku tauni yokongola ya Barnard Castle. Atafunsidwa, anakhala patebulo pabwalo lomwe lija la kuseri n'kufotokoza kuti ankafuna kuyesa ngati maso awo akuona bwino moti n'kuyendetsa galimoto. Anayesera pamsewu wa anthu onse, mkazi ndi mwana ali m'galimoto momwemo, tsiku lake lili lakubadwa kwa mkaziyo. Njira yoyezera maso imeneyi madokotala sanayambebe kuiphunzitsa. Ntchito sinawathere panthawiyo.

Palinso sutukesi, yomwe ndimaichotsera chipewa ngakhale inali yongotumidwa. Usiku wa pa 16 April 2021 kunali maphwando awiri otsanzikana ndi antchito, ndipo malinga ndi nyuzipepala ya The Telegraph, zakumwa zitachepa anatuma munthu ndi sutukesi kusitolo yapafupi kuti akaidzaze mabotolo a vinyo. Katungwe wa mwana wa a Johnson anathyoka usiku womwewo, ndipo womaliza kutuluka anatuluka nthawi ya 4:20 m'bandakucha. Tsiku lomwe linacha limenelo, Mfumukazi Elizabeth, wa zaka 94, anakhala yekha pabenchi m'tchalitchi ku Windsor, atavala masiki yakuda, pa maliro a mwamuna wake Philip, chifukwa lamulo linkalola anthu 30 okha ndiponso motalikirana. A Johnson pa usikuwo kunalibe, zimenezo tiwachitire chilungamo. Koma ofesi yawo inapepesa kunyumba yachifumu nkhani itatuluka m'nyuzipepala, patatha miyezi isanu ndi inayi.

Sutukesi inanyamula vinyo, maso ananyamula manyazi, koma amene anagwira mwini mudzi ndi a Keke okha. Apolisi a ku London atafufuza anapereka zindapusa 126 kwa anthu 83, ochuluka mwa iwo ogwira ntchito m'maofesi omwe mayina awo sanatchulidwe. A Johnson anali atajambulidwa atakweza tambula paphwando lina la mu November 2020, koma pamenepo anapulumuka. Pabwalo la mowa wobwera nawo wekha paja anapulumukanso. Anakodwa pamodzi pokha. Pa 12 April 2022 analandira chindapusa cha mapaundi 50 chifukwa cha msonkhano wa a Keke, pamodzi ndi akazi awo a Carrie komanso nduna ya zachuma a Rishi Sunak, amene akuti anangofika msanga kumsonkhano wina. Ndipo anakhala nduna yaikulu yoyamba m'mbiri ya Britain kulangidwa chifukwa choswa lamulo ili pampando. Mpando umenewo wakhalapo zaka pafupifupi 300, ndipo woupezetsa mbiri yotere anachokera mu uvuni.

Mapaundi 50, munganene, si ndalama yoti munthu wamkulu n'kugona nayo osapeza tulo. Zoonadi. Mu October 2020 ophunzira anayi a ku Nottingham anauzidwa kulipira mapaundi 10,000 aliyense chifukwa cha phwando la m'nyumba mwawo. Anawo analakwa pokhala opanda keke yoti aikankhire mlandu. Analakwanso chimodzimodzi mayi Allegra Stratton, mneneri wa boma, amene kanema wa ITV anawaonetsa akuseka poyeserera mmene angayankhire atolankhani za phwando la Khirisimasi. Pa 8 December 2021 anatula pansi udindo akulira pakhomo la nyumba yawo. Woseka anachoka, akumwa anatsala.

Lipoti la mayi Sue Gray, amene anafufuza maphwandowa, la pa 25 May 2022 linatchula zimene zinkachitika a Keke kulibe: makina oimbira nyimbo, wina kusanza, awiri kukangana, vinyo wofiira kuthimbirira pakhoma, ndiponso kunyoza alonda ndi okolopa m'maofesi. Munalinso uthenga wa a Reynolds wosangalala kuti zikuoneka ngati apulumuka pa nkhani ya mowa ija. Ine ndimaganiza za okolopawo, amene ankalowa m'mawa ndi ndowa zawo n'kupeza mabotolo ali mbwee. Boma likadayamba kufunsa iwowo, lipoti likadatha tsiku limodzi, ndipo a Keke sakadavutika kuchoka kukhitchini.

Anthu a ku Norway ndiwo sadziwa kugwiritsa ntchito zophika. Nduna yaikulu ya kumeneko panthawiyo, mayi Erna Solberg, pokondwerera zaka 60 mu February 2021, anakonza chakudya cha abale ochuluka kuposa anthu khumi omwe lamulo linkalola. Zitadziwika anangovomera n'kupepesa, apolisi n'kuwalipitsa makrona 20,000, akunena kuti mtsogoleri ayenera kukhala chitsanzo. Nkhani n'kuthera pomwepo. Taonani kuuma kwake! Palibe chiwembu, palibe kuyeza maso pamsewu, palibe chakudya chomwe chinatchuka. Mayiwa anangotsata zakale zija zoti mutu ukakula sulewa nkhonya, n'kumana dziko lonse lapansi zaka ziwiri za zisudzo.

Ena adzati ndikukuza kanthu kakang'ono, kuti mphindi zosakwana khumi pakati pa anthu omwe ankagwira kale ntchito limodzi sizinaphe munthu. Mwina. Koma a Keke sanabwere kudzafunsa za shuga. Anabwera ndi funso lomwe mayi Theresa May, amene a Johnson anawalowa m'malo, anadzalifunsa pa 31 January 2022 m'Nyumba ya Malamulo: kodi malamulowo simunawawerenge, kapena simunawamvetse, kapena munkaona ngati sakukhudza nyumba yanu? Tsiku lomwelo a Ian Blackford, mtsogoleri wa aphungu a chipani cha SNP cha ku Scotland, analamulidwa kutuluka m'Nyumbamo chifukwa chokana kubweza mawu oti nduna yaikulu yanamiza aphungu. Mwambo wa Nyumba imeneyo salola phungu kunena mnzake kuti wanama dala. Choncho wonena anatuluka, wonenedwa anatsala ali khale pampando wachikopa wobiriwira. M'nyumba yamwambo wotere pamafunika mboni yosakhala phungu, yosaopa Sipikala, ndipo inapezeka.

A Keke salanda ulemu wa ena. Sanena kuti ndi iwo amene anagwetsa boma. Pa 6 June 2022 aphungu 148 a chipani cha a Johnson anavota kuti sakuwakhulupiriranso, 211 n'kuwasunga. Pa 7 July analengeza zochoka, nduna zitathawa mwaunyinji chifukwa cha nkhani ina, ya phungu wina, a Chris Pincher, yomwe nayonso ofesi yawo inkaifotokoza mosinthasintha. Koma mlandu suola. Komiti ya aphungu asanu ndi awiri, anayi mwa iwo a chipani chawo chomwe, inapeza mu June 2023 kuti ananamiza Nyumba ya Malamulo mwadala, ndipo akadakhala kuti sanathawiretu uphungu pa 9 June, akadaimitsidwa masiku 90. Iwo anati komitiyo inali bwalo lachinyengo. Aphungu anavomereza lipotilo ndi mavoti 354, otsutsa 7, a Sunak, omwe panthawiyo anali atakhala nduna yaikulu, osaoneka n'komwe. Tsiku lake linali 19 June, a Johnson akukwanitsa zaka 59. A Keke saiwala tsiku lakubadwa la munthu.

Chimene chandiimika pano ndi ichi. Ku Britain nduna yaikulu ikamachoka imatha kusiya mndandanda wa anthu oti alandire ulemu wa boma. Mndandanda wa a Johnson unatuluka tsiku lomwe anasiya uphungu. A Martin Reynolds, olemba imelo ya mowa ija, analimo. A Shaun Bailey, amene anajambulidwa paphwando la kulikulu la chipani mu December 2020, anapatsidwa mpando wa moyo wonse m'nyumba yachiwiri ya malamulo. Ndawerenga mndandandawo kuyambira pamwamba mpaka pansi, dzina la a Keke mulibe. Ndikupempha Mfumu Charles ikonze zimenezi, ndipo pa tsiku la mwambowo alonda adzaonetsetse kuti mipeni yonse yatsala panja.