Miseche Yosindikiza

Nkhani zopeka zolembera achinyamata zimatola zinthu zochitika tsiku ndi tsiku: kusowa fizi, mimba ya pasukulu, bambo wopita ku Joni osatumiza ngakhale sopo. Aphunzitsi amazikonda chifukwa zimakopa ndi mwana yemwe amene akaona buku amayamba kuyasamula. Ku Magaleta, m'boma la Neno, mnyamata wina wophunzira ku Blantyre anayesa kuwafotokozera zimenezi agogo ake aakazi, onse ali pakhonde kutong'ola chimanga.

AGOGO: Mwamuna wanga, maso afiira chotere bwanji? Akukana atsikana a m'tauni?

MDZUKULU: Ndi buku lija ndimawerenga usiku, agogo. Mtsikana wa m'menemo amuchotsa sukulu ali Fomu 2.

AGOGO: Kalanga ine! Mwana wa yani? Tikawazonde makolo ake.

MDZUKULU: Si wa munthu aliyense. Anangomupeka wolemba.

AGOGO: Ukulirira munthu woti kulibe? Fisi atandigwirira mbuzi, iwe unangofunsa ngati wasiyako mwendo.

MDZUKULU: Luso lake lagona pomwepo. Wolemba amapeka munthu, koma mavuto ake ndi enieni, mpaka wowerenga amadziona yekha.

AGOGO: Nanga Kalulu amalowa pati?

MDZUKULU: Mulibe Kalulu, mulibe Fisi, mulibe nyama yolankhula.

AGOGO: Nyimbo yovomerezana?

MDZUKULU: Mulibenso.

AGOGO: Ndiye si nthano imeneyo, ndi miseche. Zotere ine ndimazimva ulere kumjigo m'mawa uliwonse, ndi maina omwe. Inu ophunzira mwazisindikiza n'kumagulitsana.

MDZUKULU: Sizinayambe lero, agogo. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anatulutsa buku la Nthondo mu 1933. Ndi mbiri ya mnyamata wovuta, wakuba, amene pambuyo pake anadzakhala mfumu komanso anatembenuka mtima. Linapambana pa mpikisano, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi.

AGOGO: Wakuba n'kumulonga ufumu? Zimenezo ndiye zoona. Ndaziona ndi maso angawa, koma sinditchula mudzi.

MDZUKULU: Atabwera ena anapitiriza: John Gwengwe ndi Kukula ndi Mwambo, Willie Zingani ndi Njala Bwana, Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta.

AGOGO: Njala ndi bwana, mtima sukhuta. Mpaka munthu kulipira fizi kuti akamuuze zimenezo?

MDZUKULU: Mutu wokha sukwana. Chachikulu n'chakuti mwana waulesi pa kuwerenga agwidwe. Buku lotere limakhala lopyapyala, mitu yake yaifupi, mawu ake omwe timalankhula pamsika. Vuto limagwa pa tsamba loyamba lomwe, ndipo amene lamugwera ndi wa msinkhu wa wowerengayo. Mutu uliwonse umathera pamene zinthu zafika pothina, kuti munthu alephere kulitseka.

AGOGO: Njira imeneyo ndi yanga. Ndinkakusiyirani nthano pakati mpaka mutatsuka mbale.

MDZUKULU: Eya, koma buku lotere sililalikira. Mwana akangomva fungo la mwambo, amalitaya.

AGOGO: Lopanda mwambo? Nanga mwanayo atolapo chiyani?

MDZUKULU: Amadzitolera yekha. Taonani mng'ono wanga uja. Buku la kusukulu amagona nalo pa tsamba lachiwiri, koma ili analiwerenga dzana mpaka tochi inatha mabatire.

AGOGO: Ndiye wandithera mabatire ndi iyeyo! Ine ndimayesa mfiti.

MDZUKULU: Chodabwitsa, akuti nkhaniyo ilibe mathero. Ine sindinafikeko, koma ndikuona masamba akumapeto athothoka.

AGOGO: Opyapyala aja? Ofewa bwino?

MDZUKULU: Agogo, mwawatani?

AGOGO: Ine ayi. Agogo ako aamuna anapichirira chingambwe. Akuti pepala lake limayaka mofatsa kuposa nyuzipepala.

MDZUKULU: Ndiye tidziwa bwanji ngati mtsikanayo anabwerera kusukulu?

AGOGO: Amene anamupatsa mimbayo ndani?

MDZUKULU: Wa kabaza.

AGOGO: Anathawa. Mwana analeredwa ndi agogo ake, monga mwa nthawi zonse. Mtsikanayo abwerere kusukulu, poti boma limalola masiku ano. Tenga cholembera ulembe zimenezo, umupatse mng'ono wako awerenge. Koma awerenge masana, mabatire adula.