Galu wamkota wa m'ofesi

Sabata yatha, pa kashopu kena kosindikiza mapepala ku Limbe, pulinta inayamba kukanda. Kwee, kwee, kwee, pepala osatuluka. Mnyamata wa pashopupo sanatekeseke n'komwe. Anasolola thireyi, n'kuzula kamphira kozungulira kamene kamakoka pepala, n'kukapukuta ndi kansalu konyowa, n'kukabwezera. "Madalawa akakanda chonchi ndiye kuti rola yaterera, bwana," anatero. Galu wamkota sakandira pachabe. Kani makolo aja ankanena za pulinta, kungoti magetsi anali asanafike kumudzi.

Makinawo anali HP LaserJet 4250, chimphona chotuwa chimene chinatuluka mu 2004. Zoterezi zimagwira ntchito m'maofesi akunja mpaka kupumitsidwa, kenako zimabwera kuno m'kontena kudzayambiranso, ngati mphunzitsi wopuma amene walembedwa pasukulu ya pulaiveti. Ine ndimazikonda chifukwa sizinama. Ikalemba 13 pakagalasi kake, pepala latsakamira penapake. Ikalemba 50, vuto lili pa fuser, kachipangizo kotentha kamene kamasungunula tona kuti imatirire papepala. Kadontho kakuda kakamabwerezabwereza kutsika ndi tsamba, tengani rula muyeze mtunda wa pakati pa madonthowo: mtundawo ndi wofanana ndi kuzungulira kwa rola kapena dramu imene yavulala, ndipo wokonza wodziwa ntchito amatchula wolakwayo asanamasule sikuluwu ngakhale imodzi. Ndi wodwala uti kuchipatala amene amafotokoza matenda ake momveka chonchi?

Koma mkota umagulidwa poyang'ana mano. Musakomedwe ndi kunja kowala, poti sopo ndi wotchipa. Muuzeni wogulitsa kuti ayatse pulintayo, isindikize tsamba lija limene imalembapo mbiri yake, muone kuti yadya mapepala angati chibadwire. Pa 4250, fuser ndi marola zimayenera kusinthidwa pakatha masamba 225,000, ndiye ngati nambala ili pafupi pamenepo, mtengo utsike. Kenako zungulirani kumbuyo muwerenge kachikwangwani. Zochokera ku America zambiri ndi za mavolti 110, pamene athu kuno ndi 230. Mukangoilumikiza kukhoma osayang'ana, imakanda kamodzi kokha, n'kutulutsa kautsi, maliro n'kuyamba. Wogulitsa akanena kuti "lero magetsi kulibe, koma imagwira bwinobwino, achimwene," muyamikeni, mum'funse za kunyumba, muzipita.

Zoona, nthawi zina galuyu amakandira zolakwa zathu. Nyengo ya dzinja rimu ya mapepala imagona yotsegula pansi pa tebulo, n'kuyamwa chinyezi, m'mawa pulinta n'kumakoka atatu nthawi imodzi. Wina amalowetsa pepala lokhala ndi kapini ka sitepula, kapiniko n'kukang'amba kachikopa ka fuser. Ndiye pali aja amene pepala likatsakamira amalizula ndi mpeni wa buledi. Apanso galu sakandira pachabe, utitiri ndife.

Chimene chimandiwawa ndi tiana ta masiku ano, timapulinta topepuka toti munthu n'kunyamula m'khwapa. Timagulitsidwa motchipa chifukwa phindu lili mu katiriji, ndipo yobwera nayo m'katoni nthawi zambiri imakhala yosadzaza. Tina tili ndi kachipu kamene kamalengeza kuti tona yatha pamene ukagwedeza ukumva kuti ufa ulimo. Mu 2016, mapulinta ena a inki a HP anayamba kukana makatiriji opangidwa ndi makampani ena chifukwa cha pulogalamu imene kampaniyo inaikamo, mpaka eni makina anadandaula kwambiri. Uku ndiye kukandira pachabe, kapena tinene kuti kukandira m'thumba mwako. Mkota uja, katiriji yake yaikulu ya 42X inapangidwira masamba 20,000, ndipo ikatha anyamata a m'tauni amaithira ufa wina. Kwa mayi amene akulipirira ana sukulu ndi ndalama yosindikiza ma CV, kusiyana kumeneku si nthabwala.

Chokha, mkotayu musamumangirire ku ka UPS, kabokosi kanu kosungira magetsi a kompyuta. Fuser ikamatenthetsa imakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, ka UPS n'kulira mpaka kukomoka. M'mashopu ena a mawaya otopa, mukangodina kuti isindikize, babu limaphethira, ndipo wometa tsitsi wa khomo linalo amakuwa ali ndi mutu wa munthu m'manja: "Aneba, masamba angati amenewo?"