Sayinani Apa, Bwana

Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, Lilongwe yense amasamukira ku Senga Bay. Maminibasi amatsetsereka mumsewu wa M14 atanyamula makwaya, magulu a banki m'khonde, ndi ana amene akumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi amayi. Chaka chatha nafenso tinali m'gulumo: ine, mayi a kunyumba, ana atatu, apongozi anga aakazi, ndi alamu anga, amene sindiwatchula dzina chifukwa ndikadali nawo ngongole.

Titadutsa pa Kamuzu Road n'kumaliza makilomita pafupifupi 20 otsalawo, tinaima pa geti ya loji ina. Pambali pake pali chikwangwani chachitali kuposa munthu. Pamwamba analembapo mawu a malonje m'zilembo zoti ngakhale wa ng'ala awerenge. Kutsika m'munsi zilembozo zimanka zichepa ngati usipa wa pansi pa dengu, ndipo zonse n'za m'Chingerezi, chija cha maloya. Mzere womaliza unabisika kuseri kwa chitsamba cha maluwa, chomwe ndikukhulupirira kuti amachithirira mwadala.

Mlonda anatulukira ndi buku lachikuto chakuda, bolopeni atayimangirira chingwe ngati mbuzi ya m'dzinja.

"Takulandirani mabwana. Muyambe mwawerenga malamulowo, kenako musayine apa."

"Achimwene," anatero alamu, "ife tabwera kudzasamba. Mayeso tinalemba kalekale."

Anasayina mokhotakhota ngati nduna. Ine ndinasuzumira m'bukumo. Pa danga lofunsa cholinga cha ulendo, munthu woyamba kufika m'mawa uja analemba zosawerengeka, ndipo onse obwera pambuyo pake anangoika timizere tiwiri tosonyeza kuti "nanenso chimodzimodzi", mpaka tsamba kudzaza. Ngati mkuluyo analemba kuti wabwera kudzaba matilesi, ndiye kuti tonse tinali nawo pa chiwembucho. Nambala ya foni pa Malawi pano imakhala ya manambala 10, koma m'bukumo munali ina ya 7, ina ya 12.

Lamulo lachitatu, monga ndinadzamvera pambuyo pake, limaletsa kulowa ndi chakudya cha kunja. Ife tinali ndi poto wa mpunga wa Kilombero, nkhuku ziwiri zalokolo ndi chigubu cha thobwa, zonse zili kumapazi kwa apongozi, zitafunda chitenje. Mlonda atasuzumira pa windo, fungo la nkhuku linayamba ndilo kumupatsa moni. Anayang'ana apongozi. Apongozi anamuyang'ana.

"Mwaswera bwanji amayi?"

"Ndaswera mwana wanga, koma miyendoyi ndiye yatupa."

Ndani angauze mayi waimvi kuti akweze chitenje, pa Tsiku la Anakubala? Geti inatseguka. Mwana wathu wachisamba, wa Sitandade 6, anali atapinda kale mawondo kuti aoneke wa zaka 5, poti oterowo salipira.

Musaganize kuti vuto ndi Chingerezi chokha. Alamu ali ndi digiri. Nkhani ndi ulemu. Kwathu kuno kuwerenga pepala mwini wake ali chilili patsogolo pako kuli ngati kununkhiza ndiwo kwa apongozi: ukutanthauza kuti sukumukhulupirira. Ukayerekeza kuwerenga, a pambuyo pako amayamba kuliza hutala, wina n'kukuwa kuti, "Madala, mwabwera kudzagula lojiyi kapena?" Ndiye timavomera ngati ameni wa ku tchalitchi, ulaliki titaugonera. Fomu ya ku banki timatero, ngongole ya pa foni timatero, ena ndi ku ukwati komwe.

Dzuwa la Okutobala ku Salima silicheza ndi munthu. Alamu anavula msanga, n'kuika foni ndi kachikwama m'nsapato, nsapatozo n'kuziphimba ndi thaulo. Aliyense pa mchengapo anachita chimodzimodzi, ndipo aliyense ankaganiza kuti nzeruyo ndi yake yekha. Tonse tili m'madzi ofika m'mawondo, poti osambira enieni m'banja mwathu mulibe, nyani anatsika m'phiri, n'kuvundukula poto, n'kunyamula nkhuku yachiwiri yathunthu. Iyeyo sanasayine buku lililonse. Mpirimpiri womuthamangitsa utatha, tinapeza thaulo la alamu lili pomwe analisiya, litapindidwa bwinobwino kuposa kale. Pansi pake panali mchenga.

Alamu anathamangira ku ofesi atavala kabudula wonyowa.

"Ndikufuna kuonana ndi manijala! Mukundidziwa ine?"

Manijala anali mayi wofatsa, wa mawu ozizira ngati madzi a mumtsuko. Anawapepesa kawiri, kenako anati, "Tiyeni kuno, bwana." Anawatsogolera mpaka ku geti, n'kupatula chitsamba chija ndi dzanja. Mzere womalizawo unkati katundu wotayika ndi wa mwini, wosambira asambire podziwa kuti moyo ndi wake, ndipo eni malo alibe mlandu pa chilichonse.

"Koma ine sindinawerenge zimenezi!"

"Apa mwasayina kuti mwawerenga ndipo mwamvetsa. Dzanjali si lanu?"

Linali lawo, ndi mchira wake womwe. Mayi aja anafunsanso mwaulemu kuti mafupa a nkhuku omwe anali mbwee pansi pa mtengo anachokera kukhitchini iti. Pamenepo alamu anatsitsa mawu. Safunsa anadya phula, koma alamu anadya ndi njuchi zomwe.

Ndinadzawerenga chikwangwani chonsecho tikudikira kuti mkangano uzizire. Malamulo a mlendo analipo ambirimbiri. La mwini malo linali limodzi: ali ndi ufulu wosintha malamulowo nthawi iliyonse osauza munthu. Yekhayo amene anawakanika ndi nyanja, yomwe mu 2024 inakwera n'kulowa m'maloji ambiri a m'mphepete muno mpaka m'zipinda, osalipira pa geti.

Chodabwitsa n'chakuti m'boma lomweli la Salima muli malo ena omwe alendo ake amadziwa malamulo pamtima. Pa chilumba cha Mbenje, kwa Mfumu Yaikulu Makanjira, asodzi a utaka akhala akutsata malamulo a mfumu kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kudzatsegulidwa cha mu Epulo. Pachilumbapo salola mowa, chamba, njuga, ngakhalenso akazi. Lomalizali mutha kutsutsana nalo, mayi a kunyumba analitsutsa njira yonse, koma palibe msodzi amene anganene kuti sanalimve. Amalengeza pagulu, m'chinenero cha anthu, ndipo wolakwa amamukweza bwato kubwerera kumtunda. Malamulowo ndi ochepa, ndipo sanawabise kuseri kwa maluwa.

Alamu anabwerera ku Lilongwe atavala patapata wa apongozi, chidendene chikukhula pansi. Pa geti mlonda anatitsanzika akupukuta pakamwa, poti ntchafu ya nkhuku yoyamba ija inali itamupeza.

"Muyende bwino mabwana. Musayinenso apa kuti mwatuluka ndi katundu wanu yense."

Alamu anasayina.

Ngati chaka chino mukupita kunyanja, mzere womalizawo uli kumanja kwa geti, m'munsi mwenimweni. Tengani magalasi, ndipo mukagwade.